Nkhalango ya Achemwali Anga pa Bokosi la Tiyi

Achemwali anga a Miriam Teleza sanalawepo tiyi chibadwire chawo, koma nkhope imene inakhala pa bokosi la tiyi wa esiteti yathu ndi yawo. Ine Hazel, mng'ono wawo, amene ndimamwa tiyi m'mawa ndi madzulo, amene ndathyola masamba mpaka zala kung'aluka, palibe anandijambulapo ngakhale chigongono. Ndikuuziranitu kuti nkhaniyi ikukambidwa ndi munthu wansanje, mungadzati ndinakubisirani. Esitetiyo sindiitchula dzina, ana anga akudyera komweko.

Tinabadwira kwa Nchilamwela, m'malire enieni. Pamene pankathera munda wa mayi athu panali kamtsinje, ndipo kutsidya kwake n'kumene kunkayambira mizere ya tiyi. Makolo a mayi anachokera ku Mozambique, anadzapeza malo abwino onse atatengedwa kale, choncho anakhala pamene panatsala. Mayi anatilera mu mpingo wa Sabata. Achemwali anakhazikika momwemo mpaka lero. Ine ndinakwatiwa ndi a Reinford Jonas, Mkatolika wogwira ntchito ku boyila ya fakitale, ndipo ndinawatsatira ku tchalitchi kwawo. Kunena zoona, china chimene chinandikoka ndi chakuti kumeneko munthu umamwa tiyi wako wamkaka popanda wokuyang'ana ndi diso lofiira.

Chaka chimene tinavotera pulezidenti wa matipate ambiri, mayi anadwala, ndipo asanatisiye anatigawira munda. Ine pokhala chitsirizira ndinalira kuti ndisankhe poyamba, ndipo ndinasankha kumtunda, kosalala, koyenera chimanga ndi nthochi. Achemwali anatsala ndi chitsetso chotsikira ku mtsinje, malo oterera, amiyala, oti khasu limangodumpha. Sanadandaule n'komwe. Ndinagona tsiku limenelo ndikudziona wochenjera.

Chimene sindinachiwerengere ndi chakuti chitsetsocho achemwali anali atachiyamba kalekale, ali mtsikana. Mayi akawatuma kukatsuka mbale ku mtsinje, ankachedwa mpaka kukwapulidwa, kuli kukwirira njere. Atakula khalidwelo silinawachoke. Pochokera ku ntchito maso awo ankakhala pansi ngati munthu wotaya singano, kutola njere za mbawa, za katope, za mtangatanga, n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Majumbo a shuga amene ena tinkayatsira moto, iwo ankadzazamo dothi n'kufesamo. Zitsa za misuku zimene ena ankazula, iwo ankazisiya kuti ziphukire. Amuna awo a Nathaniel, amene anali telala pa Boma, ankaseka kuti anakwatira mkazi pamodzi ndi nazale yake. Iwowo anamwalira achemwali akadali ndi mphamvu zawo, ndipo achemwali sanakwatiwenso. Amuna angapo anayesa kufunsira, koma palibe anapirira kumva za mbawa madzulo alionse.

Zaka zimenezo anthu ankakwera phiri la Thyolo ndi nkhwangwa, akuti ufulu wafika, ndipo phiri linameteka tikuona. Achemwali okha ndi amene ankapita chobwerera m'mbuyo. Pa njala ija ya 2002 ocheka matabwa anabwera kudzagula mbawa zawo zikuluzikulu, iwo anakana, n'kumadya nthochi zosakhwima zimene ndinkawapatsa ine. Ndinawanena kuti ndi opusa, ndipo ndinawanena pamaso. Koma mwezi wa Okutobala ukafika, zitsime zina zonse zikauma, mudzi wonse unkatsetsereka ndi ndowa kupita pansi pa mitengo yawo, pamene madzi sankaphwa. Anthu sankati tikupita ku mtsinje, ankati tikupita kwa a Miriam. Palibe anatchulapo malo alionse kuti kwa a Hazel, ngakhale nthochi zanga zinali zonona kuposa za wina aliyense m'mudzimo. Nsanje yanga inayambira pamenepo.

Ku esiteti tonse awiri tinali othyola tiyi. Apa pokha ndinkawaposa, ndipo ndinkawaposa kwambiri. Dengu langa linkafika pa sikelo kawiri lawo lisanadzaze. Iwo ankathyola ngati akupepesa tsamba lililonse. Komabe akapitawo ankawakonda, ndipo ankawalola kujomba Loweruka chifukwa cha Sabata, n'kudzabweza Lamulungu ndi ntchito yopalira. Ine Loweruka lililonse ndinkanyowa ndi mame mpaka m'chiuno, iwo atavala duku loyera akuimba nyimbo.

Mu 2004 kunatulukira udindo watsopano. Kalaliki wina wa ku ofesi, a Stewart Ben, anapatsidwa njinga yamoto ndi dzina lakuti oyang'anira zachilengedwe. Bambo a kunyumba kwanga anandifotokozera kuti azungu ogula tiyi kunja asiya kufunsa za kukoma kokha, tsopano akufuna kumva kuti esiteti imasamala mitengo ndi mitsinje. Ndiye pafunika bokosi latsopano lokhala ndi chithunzi cha mayi wothyola tiyi ali pafupi ndi nkhalango.

Akapitawo anasankha amayi angapo oti akajambulidwe, ine ndinali woyamba kutchulidwa. Ndinalukitsa tsitsi, ndinabwereka ndolo kwa mnzanga, ndipo anatipatsa maepuloni atsopano okhala ndi chizindikiro cha esiteti pachifuwa, ndi madengu oti sanalowemo tsamba. Linali Lachisanu. Wojambula anachokera ku Blantyre, mnyamata wamkulu wonenepa wa chipewa chammbali, ndipo anatikweza pa thirakitala kufunafuna pojambulira.

Vuto linali nkhalangoyo. A Stewart anamutengera ku mabulugamu, iye anapukusa mutu, akuti mitengo yoima pamzere ngati asilikali azungu aidziwa kuti ndi nkhuni. Anamutengera kukhwawa kumene kale kunali mitengo yachilengedwe, tinakapeza zitsa zokhazokha. Mitengo imeneyo inalowa m'boyila chaka chimene bulugamu anachepa, ndipo amene ankaiponyamo ndi mwamuna wanga yemwe. Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka, mafuta amene ndinadzola atasanduka thukuta. Kenaka thirakitala inafika kumalire akwathu, wojambula uja anaimirira n'kuloza kutsidya.

"Bwanji simunanene kuti muli ndi iyo? Ndi imeneyo ndikufunayo."

A Stewart anakanda m'mutu. "Imeneyo ili kutsidya kwa mtsinje, achimwene. Ndi ya mayi wina."

"Pa chithunzi mtsinje suoneka mbali," anatero wojambulayo, akutsika kale.

Tinawoloka tonse. Achemwali tinawapeza akusesa pabwalo kukonzekera Sabata, atavala diresi lakale long'ambika m'khwapa. Ataona alendo anayala mphasa, anagwada kupereka moni kwa aliyense, n'kutulutsa mapeyala m'lichero. A Stewart anafotokoza mwaulemu kuti akupempha kujambulira m'mitengo mwawo.

"Jambulani, bambo, mitengo siitha ndi kujambula," anatero achemwali.

Tinaima pansi pa mbawa, ine kutsogolo, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Wojambula anasuzumira m'kamera mwake kangapo, osakhutira. Kenaka anaona achemwali ali chapatali, atawerama kuchotsa udzu pa kamtengo kena, osalabadira za ife. Anati akufuna amenewo. A Stewart anayang'ana uku ndi uku, maso awo anagwera pa ine, n'kundiitana ndi dzina la mwana wanga.

"Mayi a Patience, tabwerekani epuloni yanuyo ndi dengulo, achemwali anu avale pang'ono."

Ndinavula epuloniyo pamaso pa anthu onse. Achemwali anakana kawiri, akuti dzuwa latsala pang'ono kulowa ndipo sanasambe, koma mlendo wakhala pa mphasa yako sumubweza ndi manja. Anavala. Anawauza kuti agwire kamtengo kaja ndi dzanja limodzi, dengu lili kumsana, ayang'ane m'mwamba. Epuloni imene ili pa bokosipo ndi yanga, ndipo ine ndinali nditaima kuseri kwa wojambulayo, ndolo zobwereka zikulendewera.

Patapita miyezi, a Stewart anabwera ndi mphatso: ambulera, chitenje, ndi katoni ya mabokosi a tiyi watsopanoyo. Kupatsa munthu wa Sabata tiyi kuli ngati kupatsa wadazi chipeso. Achemwali anasenza katoniyo n'kudzaitula kwathu, ndipo anapempha alamu awo kuti awawerengere Chingerezi chimene chinali pansi pa chithunzicho.

A Reinford anavala magalasi awo n'kuwerenga pang'onopang'ono, akumasulira. Bokosilo linkati tiyi ameneyu amamera m'mphepete mwa nkhalango yachilengedwe imene esiteti yakhala ikuisamalira kuyambira kale. Linkati antchito a esiteti amadzala mitengo ya makolo tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense wogula bokosi limodzi wathandiza kudzala mtengo umodzi. Atafika pamenepo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mtengo umodzi pa bokosi? Koma ndiye bwenzi Thyolo yense ali mdima. Ine pa shifiti imodzi ndimameza thirakitala yathunthu ya nkhuni. Chikomekome cha nkhuyu, alamu, m'kati muli nyerere."

"Koma alembadi kuti nkhalangoyo ndi ya esiteti?" ndinafunsa ine.

"Alemba choncho."

Achemwali anatenga bokosilo, analiyang'ana nthawi yaitali, osati nkhope yawo koma mitengo ya kumbuyo. Kenaka analibweza.

"Alembe zimene akufuna. Pepala silisuntha mtengo. Ndani kuno sadziwa amene anadzala?"

Kwathu kuno zimayenda choncho. Amene anadzala mtengo ndiye mwini wake, ndipo mboni yake ndi mudzi wonse umene unamuona akuthirira. Mayi athu sanasiye pepala, amayi awo sanasiye pepala, ndipo palibe anasowapo malire ake. Achemwali ankakhulupirira zimenezi monga ankakhulupirira Sabata.

Zimene zinatsatira ndi zimene zinandidwalitsa. Chithunzi chija chinatuluka pa kalendala, ndipo kalendalayo inapachikidwa m'golosale iliyonse kuyambira pa Boma mpaka kwa Kapichi. Ku Limbe, pafupi ndi pokwerera maminibasi, anaimika chikwangwani chachikulu ngati khoma la nyumba, achemwali akuyang'ana kumwamba, diresi long'ambika lija litabisika bwinobwino ndi epuloni yanga. Makondakitala ankawazindikira n'kuwakhazika kutsogolo, akuti mayi a pa tiyi. Ine ndikakhala nawo pa ulendo ankandipanikiza kumbuyo ndi matumba a kabichi. Akulu a mpingo wawo anang'ung'udza pang'ono kuti mayi wa Dorika, gulu la amayi a mumpingomo, akutsatsa chakumwa chimene mpingo umaletsa, ndipo ndinayembekezera kuti mwina awaimitsa. Koma abusa anati chimene chili m'manja mwawo pa chithunzipo ndi mtengo, osati kapu, nkhani n'kuthera pomwepo. Munthu ameneyu ngakhale matope sankamumata.

Tiyi uja ndinamwa, sindikanataya, anali tiyi wabwino woti ife othyola sitinkamuona n'komwe. Koma bokosi ndinkaliika pa shelefu nkhope itayang'ana kukhoma.

Kenaka kunayamba kubwera alendo. Azungu ogula tiyi ankafuna kuona nkhalango ya pa bokosi ndi maso awo. A Stewart analambulitsa kanjira kochokera m'munda wa tiyi, anamangitsa kamlatho ka matabwa pa mtsinje, kuti alendo azilowera mbali ya esiteti osadutsa m'mudzi. Ulendo wina anaika mabenchi awiri pansi pa mbawa. Ulendo wina anakhoma timatabwa ta mayina a Chingerezi pa mitengo. Nthawi zonse ankayamba apempha, atavula chipewa, ndipo nthawi zonse achemwali ankavomera. Akamva kuti mawa kubwera alendo, ankalawirira kukasesa kanjira kaja. Zinkawasangalatsa kuti anthu ochokera kutali akudzaona mitengo imene ife tinkawaseka nayo.

Tsiku lina ndinawapeza akusesa ndipo ndinalephera kudzigwira.

"Achemwali, kodi simukuona? Dzana mlatho, dzulo mabenchi. Mawa adzakuuzani kuti muziyamba mwaodira polowa."

"Iwe Hazel, benchi ndi chinthu choopa? Akatopa nalo tidzakhalira ife."

"Achotsetseni zinthu zawozi. Auzeni achotsenso nkhope yanu pa bokosi paja."

Anaima n'kutsamira tsache, akundiyang'ana momwetulira, kumwetulira kumene ankandipatsa ndili mwana ndikalirira chinthu chawo.

"Nkhope ija ikukuvutabe, eti?"

Ndinachoka ndikutukwana chamumtima. Inkandivutadi, sindikana. Koma zimene ndinanenazo zinali zoona. Tsoka la munthu wansanje ndi lakuti ngakhale anene kuti nyumba ikupsa, anthu amati akusirira moto.

Mu 2007 ogula aja anati sakhutira ndi kuona chabe, atumiza anthu odzayendera kuti atsimikize ngati nkhalangoyo ndi yotetezedwa, yokhala ndi malire ooneka. Lachinayi lina a Stewart anaima ndi njinga yawo pakhomo pa achemwali, ine ndili pomwepo ndikusenda chinangwa.

"Mayi, Loweruka lino kubwera anthu oyeza malo. Mudzakhalepo, tidzayendere limodzi malire kuti pasadzakhale kukangana."

"Loweruka ndi Sabata, bambo, mukudziwa. Bwerani Lamulungu, kapena Lolemba."

"Anthuwo ndi a ku Blantyre, tsiku lawo ndi limenelo. Koma tiona."

Achemwali anamva ngati avomera. Ine ndinamva ngati munthu amene wadziwa bwino tsiku loti asankhe.

Loweruka m'mawa gulu lathu linkathyola pa chitunda choyang'anizana ndi kwathu. Dzuwa litakwera ndinaona thirakitala ikutsika ndi zipilala za simenti ndi mipukutu ya waya. Ndinaganiza kuti aima pa mtsinje. Anawoloka pa kamlatho kaja, anakwera chitsetso chonse, n'kuyamba kukumba maenje kumtunda, m'mphepete mwenimweni mwa nthochi zanga. Nkhalango yonse inali kutsala mkati.

Ndinatula dengu pakati pa mzere, akapitawo akundikuwira, n'kuthamanga. Tchalitchi cha achemwali chili kuseri kwa sukulu, ndipo ndinafika mpweya utatha, matope mpaka m'mawondo. Mayi wina wa pakhomo anakawanong'oneza. Anatuluka ndi Baibulo m'manja, duku loyera, nkhope yodekha.

"Kwagwanji? Ndi maliro?"

"Akumanga waya. Awoloka mtsinje, afika pa nthochi zanga. Tiyeni msanga mukaime pamenepo, simenti isanaume."

Anayang'ana njira yopita kumudzi, anayang'ananso chitseko cha tchalitchi. Mkatimo anali atayamba nyimbo.

"Lero sindingakangane za malo, Hazel."

"Mulungu yemweyo si amene anakupatsani mitengoyo? Ng'ombe ikagwera m'dzenje pa Sabata simuitulutsa?"

"Ng'ombe imafa. Mitengo ndikaipeza dzuwa likalowa. Mudzi wonse ukudziwa kuti ndi yanga, waya sangasinthe zimenezo."

Ndinawagwira dzanja kuti ndiwakoke, iwo analichotsa mofatsa n'kulowa. Ndinaima panja ndikulira ndi ukali. Ndinkawada nthawi imeneyo, komanso ndinkawasirira, chifukwa ine ndilibe chinthu chimene ndingachigwire choncho dziko likundilanda. Ndinabwerera ndekha kukakuwira anthu okumba aja, koma anandifunsa ngati malowo ndi anga, ndipo sanali anga.

Dzuwa litalowa achemwali anatsika osasintha n'komwe zovala. Anapeza zipilala zitaima, waya atakungika, ndi geti lachitsulo loyang'ana ku esiteti. Mbali ya kumudzi kunalibe khomo. Anayenda m'mbali mwa waya kuchokera kumtunda mpaka ku mtsinje, akugwedeza chipilala chilichonse, ndipo palibe chinagwedezeka.

Nkhani inapita ku bwalo la mfumu. A Stewart anabwera ndi mapu akale amene palibe wa ife akanatha kuwawerenga, akuti mtsinje unasuntha ndi madzi osefukira, malire enieni ali kumtunda. Kenaka anatulutsa bokosi ndi kalendala n'kuziika pa tebulo.

"Mayi, awa si inu? Mwavala epuloni ya ndani? Dengu ili ndi la ndani? Zaka zonsezi bokosili lakhala likunena kuti nkhalangoyi ndi ya esiteti, munadandaulapo kwa ndani? Alendo athu pobwera, ankasesa njira ndani?"

Achemwali anayankha kuti anasesera alendo monga aliyense amasesera alendo. Kenaka anatembenukira kwa anthu, mudzi wonse umene unamwa madzi a pansi pa mitengo yawo, kuti unene amene anadzala. Koma theka la anthu amene anakhala pabwalopo linkalandira malipiro ku esiteti, ndipo theka linalo linali ndi mwana kapena mkamwini kumeneko. Amuna ankayang'ana zala zakumapazi. Amayi ankakonza ana kumsana, ana oti sanalire n'komwe.

Ndinaimirira ine. Ndinanena za majumbo a shuga, za njala ya 2002, za zitsa za kukhwawa kwa esiteti, ndipo ndinanena kuti epuloniyo inali yanga, anachita kundivula. A Stewart anadikira kuti ndimalize.

"Mayi a Patience timawadziwa tonse. Ankafuna kuti pa bokosipa pakhale iwo. Mpaka lero kwawo bokosili limayang'ana kukhoma."

Bwalo lonse linaseka, ngakhale amene ankandimvera chisoni. Kaya anawauza ndani za shelefu yanga. Mawu anga onse anasungunuka m'kuseka kumeneko, ndipo ndinakhala pansi nkhope ikuyaka. Mfumu inati nkhani ya mapu yaikulira, ipite kwa akuluakulu. Inapitadi, ndipo kumeneko ikuyendabe.

Kuchokera pamenepo pa geti panakhala mlonda, a Zakeyu, bambo wa m'mudzi mwathu momwemo amene ana ake anakulira masuku a achemwali. Madzi tinayamba kutunga kumunsi, kumene mtsinje umatulukira mu waya. Achemwali, amene sanagulepo nkhuni moyo wawo wonse, anayamba kuphikira mapesi ndi zitsononkho. Masuku ankagwa n'kuwolera mkati tikuwaona. Bokosi linasindikizidwanso, chithunzi chomwecho, koma anawonjezapo kachizindikiro kobiriwira ndi mawu akuti nkhalango yotetezedwa. Kukhwawa kwa esiteti kuja zitsa zinali pomwepo, ndipo a Reinford ankaponyabe nkhuni m'boyila monga kale.

Achemwali anaonda. Sanasiye ntchito yothyola, sanasiye tchalitchi, sanatukwane munthu. M'mawa uliwonse asanapite ku ntchito ankayenda m'mbali mwa waya, manja kumbuyo, akusuzumira mkati ngati mayi amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala ndipo nthawi yoona odwala sinakwane. Ndinkaganiza kuti tsopano mtima wanga uzizira, poti amene ndinkamuchitira nsanje watsala manja okha. Sunazizire. Nthochi zanga zinagwidwa ndi matenda n'kuyamba kufota, ndinazula, ndinadzala chinangwa, ndipo sindinatayepo tulo. Iwo anali ndi chinthu choti akachitaya n'kuonda nacho.

Chakumayambiriro kwa 2009, mvula ili pakati, njinga ya a Stewart inaimanso pakhomo pawo. Ine ndinali kuseri ndikuanika ufa, ndinamva zonse. Anati kukubwera alendo akuluakulu Lachitatu, ndipo apempha kuti akaonane ndi mayi wa pa bokosi, m'nkhalango momwemo. Akalowe m'mawa, akakhale nawo mpaka masana, akawalongosolere mayina a mitengo. Ndinasiya ufa n'kutola chibakera cha mwala, ndikudikira kuti achemwali akangoyamba kuwathamangitsa ine ndimalize.

"Ndibwera, bambo," anatero achemwali. "Mukawauze a Zakeyu anditsegulire molawirira."

Njinga itachoka ndinatulukira, mwala uli m'manja.

"Mwapenga kodi? Anthu akuberani, ndiye mukawamwetulirenso? Mukaime pamenepo kuti bodza lawo likhale ndi nkhope?"

Anandigwira pamkono n'kunditengera ku waya, kumunsi pafupi ndi mtsinje, n'kuloza mkati.

"Ukuuona katope uyo, wachiwiri kuchokera pa mwala? Chilambe chamukulunga mpaka kunsonga. Chinayamba chaka chatha, ndakhala ndikuchiona chikukwera. Ndinawauza a Zakeyu, akuti iwo ntchito yawo ndi geti. Mvula ino ikatha chisanadulidwe, mtengo umenewo wauma. Kuseri kwakeko kuli mbawa zing'onozing'ono zitatu zimene udzu wazimiza."

"Ndiye mukagulitse nkhope yanu chifukwa cha chilambe?"

"Nkhope anatenga kale, Hazel. Khomo lina lolowera ulidziwa iwe?"

Ndinaponya mwala uja m'madzi. Ndinamuyang'ana mayi wachikulire woonda ameneyu, zala zitakola pa waya, maso ali pa mtengo umene pa mapu suli wake, ndipo nsanje inandigwira kuposa tsiku la wojambula lija. Ine ndakhala moyo wanga wonse osakonda kanthu mpaka kufika pamenepo.

"Chikwanje sangandilole kulowa nacho," anatero, osandiyang'ana. "Kampeni kako kosendera chinangwa kaja n'kakuthwa?"

Ndinawauza kuti kabuntha. Lachiwiri madzulo ndinakanola pa mwala wa kuseri kwa khitchini mpaka kanayamba kumeta tsitsi la pamkono, ndipo ndinakawapatsira. Anakayesa pa chala chachikulu, anakakulunga m'kansalu, n'kukasomeka m'chiuno mkati mwa chitenje.